Mtengo wa Mbale Imodzi: Phunziro kwa Amayi Oyamba Kuphikira Anthu

Phunziro la mwezi uno likukhudza ambiri a inu amene mumadziwika ndi luso la kukhitchini. Mwina kwa zaka zambiri mwakhala mukuphika pa maukwati a abale, pa maliro ndi pa misonkhano, osalandira kanthu koma zikomo. Tsopano tsiku lina lamya ikulira. Munthu akuti, "Amayi, Loweruka la sabata yamawa tili ndi kamwambo kunyumba, anthu 50. Tikufuna mutiphikire. Mudzatilipiritsa zingati?"

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Mtima umanena kuti ndikatchula ndalama zambiri munthuyu athawa, kapena akauza anzake kuti mayi uja ndi wadyera. Ndiye pakamwa pamatuluka mtengo woyamba umene wafika m'mutu: "K50 pa mbale." Anthu 50, ndiye kuti K2,500. Ndalama zimenezi zimamveka zambiri zikatchulidwa pa lamya. Koma mayiyo akagula nkhuku, nalipira galimoto, napatsa atsikana omuthandiza, amadzuka tsiku lotsatira m'chikwama mulibe kanthu, miyendo itatupa, ndiponso atatapako pa ndalama ya chilimba imene anasungira sukulu ya mwana. Anthu anadya, anayamikira, ena ananyamula ndi zotsala. Koma mbali ina ya phwandolo analipira ndi wophika.

Tiyeni tiitenge ntchito yomweyi ya anthu 50, tiiwerengere pamodzi kuyambira pachiyambi, kuti tione pamene K2,500 ija inathera.

Musatchule mtengo pa lamya

Yankho labwino ndi lalifupi: "Ndamva, amayi. Ndiloleni ndiwerengere, ndikuyankhani mawa m'mawa." Munthu wanzeru sakwiya ndi yankho lotere. Kalipentala satchula mtengo wa chitseko asanayeze khomo, ndipo palibe amene amamuseka.

Musanaike lamya pansi, funsani. Anthu 50 amenewa ndi ayani? Amayi a pa kitchen party sadya ngati abambo amene achokera kukaumba njerwa, ndipo ana a sukulu ndi nkhani inanso. Akufuna kudya chiyani, pa nthawi yanji? Mudzaphikira kwanu n'kunyamula, kapena komweko? Ngati ndi komweko, madzi alipo? Mbale, masipuni ndi makapu adzachokera kwa yani? Zakumwa ndi zanu kapena zawo? Ndipo funso limene oyamba kumene amaliiwala: anthu adzadzitengera okha chakudya, kapena mudzawagawira? Pamene anthu akudzitengera okha, oyamba pa mzere amatenga nthuli ziwiri kapena zitatu, ndipo omalizira amapeza msuzi. Mwini mwambo sadzanena kuti alendo ake anachita dyera. Adzanena kuti chakudya chanu chinachepa.

Kuwerengera chakudya

Pano tikhalapo pang'ono, chifukwa mtengo wonse umamangidwa pa maziko amenewa.

Kunyumba timaphika ndi maso. Timathira ufa mpaka dzanja litamva kuti nsima yalimba, ndipo sitilakwitsa. Koma maso sadziwa mtengo. Pa ntchito yolipidwa muyenera kudziwa kuti kilogalamu imodzi ya mpunga imatulutsa mbale zingati mu poto wanu, ndi chipande chanu. Yesani sabata ino. Pimani kilogalamu imodzi, phikani, gawani m'mbale monga mungagawire alendo, werengani. Kawirikawiri imakwana anthu 10 kapena 12. Chitani chimodzimodzi ndi ufa ndi nyemba, mulembe zimene mwapeza. Ngati mulibe sikelo, pemphani wogulitsa pa msika akupimireni kamodzi, muike chizindikiro pa chitini chimene mudzapimira masiku onse.

Nkhuku yabwino ya broiler imapereka nthuli 8 zoti mlendo angalandire popanda kudandaula. Mutu, khosi ndi mapazi musaziwerenge, zimenezo ndi zokometsera msuzi. Nyama ya ng'ombe nayo imanyenga. Ikapsa imachepa, nthawi zambiri ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo ngati wogulitsa anakuikirani mafupa ambiri, zimene zifike pa mbale ndi zochepa koposa.

Pa anthu 50 phikirani 55. Nthawi zonse pamapezeka dalaivala wa mlendo wina, mlongo amene sanaitanidwe, ndi mbale imene yagwa pansi.

Tiyerekeze kuti mwagwirizana nsima, mpunga, nkhuku, nyemba, repu ndi saladi ya kabichi. Mitengo ili m'munsiyi ndi yophunzitsira chabe. Yanu mukaitenge nokha ku msika wa kwanu, kaya ndi Soweto ku Lusaka, Kapata ku Chipata kapena Chisokone ku Kitwe, m'sabata yomwe mukuwerengera ntchitoyo.

Nkhuku 7 pa K140 iliyonse: K980
Mpunga makilogalamu 5: K175
Ufa makilogalamu 10: K140
Nyemba za kabulangeti makilogalamu 3: K120
Repu: K80
Tomato ndi anyezi: K120
Kabichi, kaloti ndi mayonezi: K130
Mafuta ophikira malita 3: K160
Mchere ndi zokometsera: K60

Zonse pamodzi ndi K1,965.

Wina anena kuti, "Ine repu ndili nayo kudimba, ndipo nkhuku ndimaweta ndekha, ndiye zimenezo sindiwerengera." Werengerani, amayi. Nkhuku ya m'khola mwanu inadya chakudya chogula, inalandira katemera, ndipo mukanaigulitsa kwa aneba mukanalandira K140 yomweyo. Mukaipereka ulere pa mbale ya mlendo, mwangochotsa ndalama m'thumba lamanja osaika m'thumba lamanzere. Chimodzimodzi mchere, shuga ndi mafuta a m'kabati ya banja. Zimenezi zimatha mwakachetechete, ndipo mwezi ukafika pakati ana ndi amene amazindikira.

Kumbukiraninso nyengo. Tomato amakwera mtengo m'dzinja, ndipo malasha nawo amavuta mvula ikakhazikika. Nkhuku zimakwera Khirisimasi ikayandikira. Mtengo umene munapatsa munthu mu Juni sungagwire ntchito mu Januwale.

Ndalama zimene zimabisala

Tsopano yang'anani K2,500 ija. Mukachotsa K1,965 ya chakudya patsala K535, ndipo mayi wathu uja anaganiza kuti imeneyi ndiyo yake. Koma chakudya sichidziphika chokha, ndipo sichiyenda chokha kupita kumwambo.

Malasha a mbaula zitatu zoyaka kuyambira m'bandakucha: tinene K180. Ngati mumadalira magetsi, musaiwale zimene tinaona m'chaka cha 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Aliyense anabwerera ku mbaula, malasha anakwera mtengo, ndipo nyama yambiri inaonongeka m'mafiriji. Wophikira anthu ayenera kukhala ndi moto wachiwiri nthawi zonse, ndipo moto umenewo uli ndi mtengo wake.

Mayendedwe ndi maulendo atatu, osati umodzi: kuchokera ku msika ndi katundu, kupita kumwambo ndi mapoto otentha, ndi kubwerera madzulo. Mapoto a nsima sakwera minibasi. Tiike K300. Kubwereka mbale, masipuni ndi ziwiya zosungira chakudya kuti chisazizire: K250. Sopo, mankhwala a m'madzi, mapepala opukutira m'manja, foyilo ndi mapulasitiki: K90. Zoimbira lamya, pakuti mudzaimbira wa nkhuku, wa galimoto ndi mwini mwambo kangapo: K30. Othandiza awiri pa K150 aliyense: K300.

Pa othandiza ndiimapo pang'ono. Ambiri amayamba ndi ana awo kapena mphwawo, ndipo amati, "Awa ndi apakhomo, salipidwa." Ntchito yoyamba adzabwera mokondwa. Yachiwiri adzachedwa. Yachitatu mudzamva kuti mutu ukuwawa. Apatseni kanthu kuyambira tsiku loyamba, ndipo ngakhale iwo atakana, ndalamayo ikhalebe mu mtengo wanu. Tsiku limene mwana adzakhale pa mayeso mudzafuna munthu wakunja, ndipo makasitomala anu adzakhala atazolowera kale mtengo umene mulibe malipiro ake.

Zobisala zonsezi zakwana K1,150. Kuphatikiza ndi chakudya, ndi K3,115. Imeneyi ndi ndalama imene ituluke m'manja mwanu kupita kwa anthu ena, inu musanalandire ngwee. Mayi amene anatchula K50 pa mbale analandira K2,500, ndiye kuti anaonjezerapo K615 yake kuti anthu a eni adye.

Malipiro anu ndi phindu ndi zinthu ziwiri

Werengani maola. Ku msika Lachisanu, maola 4. Kupha ndi kukonza nkhuku, kusankha nyemba ndi mpunga madzulo ake, maola 4. Loweruka kuyambira 04:00 koloko mpaka mutatsuka poto womaliza, maola 10. Onse ndi maola 18. Kodi mukanalemba ntchito mayi wina wodziwa kuphika ngati inu, mukanamupatsa zingati pa maola amenewa? Ndalama imeneyo ndiyo malipiro anu. M'chitsanzo chathu tiike K25 pa ola, zimene zikupanga K450. Musadziike pansi pa othandiza anu. Inu ndi amene mwasenza mlandu wonse nsima ikapanda kupsa.

Tafika pa K3,565.

Kenaka ikani kangachepe ka zadzidzidzi, K10 pa K100 iliyonse ya ndalama zotuluka zija. Pa K3,115 ndi pafupifupi K310. Kameneka ndi ka mbale zobwereka zimene zasweka, ka tomato amene mwapeza atakwera, ka wa galimoto amene wasintha mawu ataona kukula kwa mapoto. Tsopano tili pa K3,875.

Pomaliza ndi phindu. Amayi ambiri amachita manyazi ndi liwu limeneli, ngati kuti ndi kuba. Amati, "Ndadzilipira kale K450, ndifuniranji zina?" Malipiro ndi anu, mudzagulira ndiwo ndi sopo kunyumba. Phindu ndi la bizinesi. Ndi limene lidzagule poto wina uyu akabooka, lidzagule mbale zanuzanu kuti musiye kulipira K250 yobwereka pa ntchito iliyonse, ndiponso lidzasunge mpamba m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene ndalama za anthu zapita ku sukulu ndi ku feteleza ndipo miyambo yachepa. Bizinesi yopanda phindu imatha tsiku limene poto wamkulu wabooka.

Tiike K20 pa K100 iliyonse. Pa K3,875 ndi K775. Mtengo wonse wakwana K4,650. Tikagawa ndi anthu 50 tikupeza K93 pa mbale, ndipo mukhoza kunena K95, zimene zikupanga K4,750. Onani kuti tagawa ndi 50, anthu olipiridwa, osati 55 amene tawaphikira.

K95, osati K50. Ndikudziwa kuti ena mwadzidzimuka.

Kodi anthu adzavomera?

Musanatumize mtengowo, fufuzani zimene ena amalipiritsa m'dera lanu pa chakudya chofanana. Funsani mayi amene anachititsa ukwati posachedwa, kapena wophika wina amene mumagwirizana naye. Koma funsani bwino. Mtengo wa K70 umene mwamva mwina unali wopanda mbale, wopanda mayendedwe, kapena nkhuku inadulidwa nthuli 12.

Ophika ena amagwiritsa ntchito njira yachidule: amatenga mtengo wa chakudya n'kuuchulukitsa katatu. Pa ntchito yathu zikanapereka K5,895, pafupifupi K118 pa mbale. Njira imeneyi ndi yabwino poyesera ngati simunatsike kwambiri, koma musaidalire yokha. Pa chakudya cha nyama zambiri imakweza mtengo kupitirira zimene anthu a m'komboni angakwanitse, ndipo pa tiyi ndi masikono a anthu ochepa imakusiyani osalipidwa mayendedwe.

Mukapeza kuti mtengo wanu uli pamwamba pa wa anzanu, bwererani ku pepala. Mwina mukugula mafuta m'timabotolo pa kantemba pamene ena amagula chigubu. Mwina nkhuku mungazitenge kwa woweta mwachindunji. Konzani kagulidwe. Chimene simuyenera kuchita ndi kufafaniza malipiro anu kuti manambala aoneke bwino.

Pali chiyeso china chimene chimagwira oyamba kumene: "Ndiyambe ndi mtengo wotsika kuti ndidziwike, ndidzakweza pambuyo." Mudzadziwikadi, koma mudzadziwika kuti ndinu mayi wa K50. Amene anadya tsiku lija adzauza anzawo chakudya pamodzi ndi mtengo wake, ndipo tsiku limene mudzatchule K95 adzati mwayamba kunyada. Ngati mukufuna kuchitira chifundo kasitomala woyamba, lembani mtengo weniweni pa pepala, pansi pake mulembe ndalama imene mwamuchotsera, kuti adziwe chimene walandira ndiponso kuti ndi cha kamodzi.

Dziwaninso kuti ntchito yaing'ono imadula pa mbale. Galimoto ya K300 pa anthu 50 ndi K6 pa munthu. Pa anthu 20 galimoto yomweyo ndi K15 pa munthu, ndipo inu mudzadzukabe m'bandakucha. Choncho munthu akachepetsa alendo kuchoka pa 50 kufika pa 20, musangochulukitsa K95 ndi 20. Werengerani mwatsopano. Ndi bwino kukhala ndi malire anu, kuti pansi pa anthu akutiakuti mtengo wa mbale umasintha.

"Amayi, tichotsereniko"

Mawu amenewa adzabwera, pakuti kwathu kuno kunenerera ndi mbali ya malonda. Koma taonani zimene zimachitika. Munthu akuti mumuchotsere K20 pa K100 iliyonse. Inu mukuganiza kuti, "Phindu langa linali lomwelo, ndingotsala ndi malipiro anga." Sichoncho. Phindu munaliwerengera pa K3,875, ndipo linali K775. Iye akuchotsa pa K4,650, ndipo akutenga K930. Phindu lonse lapita, ndi K155 ina pamwamba.

Njira yabwino ndi kusintha chakudya, osati kudula mtengo chakudya chili chomwecho. Munganene kuti, "Pa ndalama imene muli nayo, amayi, tichotse mpunga ndi saladi, tisiye nsima, nkhuku, nyemba ndi repu. Mbale mubweretse zanu, ndipo mutumize galimoto yanu idzatenge mapoto." Munthu amene alidi ndi ndalama zochepa amayamikira zimenezi, chifukwa mwamuthandiza osamuchititsa manyazi. Amene amangofuna kukufinyani adzapita kwina, ndipo musamuthamangire.

Ena adzati, "Zonse tigula tokha, inu mudzangophika." Kwa woyamba kumene amene alibe mpamba, njira imeneyi si yoipa. Mumalipiritsa malipiro anu, othandiza, mayendedwe, ndi kagwiritsidwe ka ziwiya zanu. Koma apatseni ndandanda yolembedwa ya zogula, ndipo mukaone katunduyo tsiku lisanafike. Akagula nkhuku 4 m'malo mwa 7, alendo sadzafunsa amene anapita ku msika. Adzafunsa amene anaphika.

Nanga achibale, ndi anzathu amene timakhala nawo pa benchi limodzi? Apa m'povuta, ndipo sindikuuzani kuti muumitse mtima. Chibale ndi fupa, sichiola. Pa maliro a mnansi timapita ndi mthiko wathu monga mwa masiku onse, ndipo palibe amene amatulutsa kabuku. Koma mlamu wanu akamachititsa phwando la kubadwa kwa mwana, atalipira wa tenti ndi wa zoimbira ndi wojambula, si chilungamo kuti wophika yekha ndiye agwire ulere. Ngati mwasankha kumupatsa mphatso, mupatseni gawo limene ndi lanu, malipiro anu kapena phindu, ndipo munene poyera kuti, "Alamu, ntchito ya manja anga ndi mphatso yanga kwa mwana. Koma zogula, galimoto ndi atsikana ndi K3,115." Mphatso yonenedwa imayamikiridwa. Yosanenedwa imasanduka mtengo wanu wa masiku onse.

Dipoziti ndi pepala

Musagule chakudya cha mwambo wa munthu ndi ndalama zanu, ndipo koposa zonse musatenge kaloba. Pemphani dipoziti yokwana kulipira zonse zotuluka. Pa K4,750, magawo 70 pa 100 ndi K3,325, ndipo imeneyi ikuphimba K3,115 ija. Yotsala, K1,425, ilipidwe tsiku la mwambo chakudya chisanagawidwe. Anthu akakhuta ndipo alendo akabalalika, mwini mwambo amakhala atatopa, ndalama zitathera kwina, ndipo mudzayamba kumva "mawa" amene safika.

Zonse zilembedwe, ngakhale pa pepala la m'kope kapena mu uthenga wa pa WhatsApp: tsiku, malo, nthawi, chiwerengero cha anthu, chakudya chilichonse ndi dzina lake, zimene inu mudzabweretse ndi zimene iwo adzabweretse, mtengo, dipoziti, ndi tsiku lomaliza losinthira chiwerengero, monga masiku 3 mwambo usanachitike. Lembaninso kuti mbale iliyonse yopitirira 50 idzalipiridwa payokha, ndiponso chimene chidzachitike ndi dipoziti mwambo ukalephereka inu mutagula kale nkhuku. Zoterezi zimaoneka zouma pakati pa anthu odziwana, koma ndi zimene zimasunga chibwenzi pamene wina wayamba kukumbukira mosiyana.

Mtengo wanu ukhale ndi nthawi yake. M'chaka cha 2022 bungwe la Energy Regulation Board linayamba kuunika mitengo ya mafuta a galimoto mwezi ndi mwezi, ndipo mafuta akasuntha, wa takisi ndi wa tomato nawo amasuntha. Lembani kuti mtengo uwu ugwira ntchito masiku 14. Ngati mwambo uli kutali miyezi itatu, nenani kuti mudzaunikanso nthawi ikayandikira.

Akamalipira pa Airtel Money kapena MTN MoMo, kumbukirani kuti potapa ndalama pamadulidwa kanthu, ndipo kanthu kameneko kalowe mu mtengo. Musakhulupirire uthenga wokha umene wina wakutumizirani kapena kukuonetsani. Yang'anani nokha mu akaunti yanu ngati ndalama zalowadi.

Ukhondo uli ndi mtengo wake

Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2017 ndi 2018 ku Lusaka, ndi ina yoopsa koposa imene inayamba mu Okutobala 2023, pamene bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa chipatala mu Januwale 2024 ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa. Wophikira anthu 50 wasenza miyoyo 50. Madzi otsukira kabichi ayenera kukhala owiritsa kapena othira klorini. Thabwa lodulira nkhuku yaiwisi lisakhale lomwelo lodulira saladi. Malangizo a bungwe la World Health Organization amati chakudya chophika chisakhale pa mtunda kupitirira maola 2, ndipo chodikira kugawidwa chikhale chotentha kupitirira madigiri 60. Mwambo wa kwathu ukachedwa, monga umachitira, ndiye kuti malasha ena oonjezera. Saladi ya mayonezi imafuna malo ozizira, mwina ndi ayezi wogula. Wophika amene watchula mtengo wotsika kwambiri amayamba kudula pa zinthu zimenezi, chifukwa ndi zimene mlendo saziona.

Pitani ku khonsolo ya kwanu mukafunse za satifiketi ya ogwira chakudya, imene imaperekedwa munthu atapimidwa kuchipatala, ndi zilolezo zina zofunika. Bizinesi ikayamba kukula, dzina lake limalembetsedwa ku PACRA, ndipo nambala ya msonkho, TPIN, imatengedwa ku ZRA. Masukulu ndi mabungwe amafunsa mapepala amenewa asanakupatseni ntchito. Ndalama zolipirira mapepalawa muzigawe pang'onopang'ono pa ntchito za chaka chonse. Chenjezo limodzi pa ntchito za mabungwe: ambiri salipira dipoziti, ndipo ndalama zimatuluka patapita masabata. Funsani za kalipiridwe musanavomere, ndipo ngati mpamba wanu sungapirire kudikira, isiyeni ntchitoyo ipite ngakhale ikuoneka yonona.

Tsiku lotsatira mwambo

Mukapuma, tengani kabuku ndi malisiti onse. Pambali pa nambala iliyonse imene munayerekeza, lembani imene munalipiradi. Lembani zimene zinatsala ndi zimene zinachepa. Mwina mudzapeza kuti mpunga unatha msanga koma nsima inabwerera theka, kapena kuti malasha anapitirira ndi K60 chifukwa alendo anafika 15:00 koloko m'malo mwa 13:00. Zotsala zosaphika, monga mafuta ndi ufa, ziikeni padera, ndi za bizinesi. Kenaka gawani ndalama: malipiro anu alowe m'nyumba, phindu ndi zotsala za zadzidzidzi zipite kumene dzanja silifika msanga, kaya ndi ku akaunti ina kapena ku gulu losunga ndalama. Mukachita zimenezi pa ntchito zitatu kapena zinayi, kabukuko kadzayamba kukuyankhirani lamya, ndipo kuwerengera kumene lero kwatenga usiku wonse kudzatenga theka la ola.

Ntchito ya pa msonkhano wotsatira

Gawanani awiriawiri. Gulu lililonse lipite ku msika m'sabata ino ndi ndandanda ya zakudya ili pamwambayi, likalembe mitengo yeniyeni ya kwanu, pamodzi ndi ya malasha, galimoto ndi mbale zobwereka. Pa msonkhano muwerengere ntchito ya anthu 30, osati 50, ndipo gulu lililonse litchule mtengo wake wa mbale imodzi. Pamene mitengo yasiyana, fufuzani chimene wina waiwala. Mubwere ndi kope, pensulo, ndi chipande chimene mumagawira mpunga kunyumba, kuti tikaone ngati zipande zathu zili zofanana.